Ndodo ya apongozi inaposa tepi yanga

Ine ndinaponda chimanga cha apongozi anga ndi thalakitala, m'mawa kunja kukuwala bwinobwino, ndikuimba nyimbo ya kwaya. Palibe amene anandikankha, sindinalawe mowa, ndipo thalakitalayo inalibe vuto lina lililonse. Vuto linali litakhala pampando. Lero nkhaniyi timaiseka pabanja pathu, ndipo amene amaseka mpaka kupukuta misozi ndi eni chimangawo. Koma inu owerenga, makamaka inu amene munapitako kusukulu n'kukakwatira kumudzi, ndimvereni bwino kuti zimene zinandionekera ine zisadzakuonekereni.

Kwathu ndi ku Katete. Ndinatumizidwa kudzaphunzitsa kuno kuchigwa, m'dera la Tembwe m'boma la Chama, ndipo phunziro limene ndimaphunzitsa ndi la ulimi. Mfundo imeneyi musaiiwale, chifukwa ndi imene imaikira nkhani yanga mchere. Ndinabwera ndikuganiza kuti ndikhala zaka ziwiri n'kupempha kusamuka, koma kutentha kwa kuno ndinakuzolowera, mpunga wa kuno unandikomera, kenaka ndinaona mtsikana wina akuimba kutchalitchi, nkhani yosamuka n'kuthera pomwepo. Mtsikanayo ndi NyaGoma, mkazi wanga.

Amayi ake a NyaGoma, apongozi angawo, ndi mayi wamfupi, wamasiye, wosachulukitsa mawu. Pa khasu ndiye musawayese. Munda wawo wa chimanga ndi umene umadyetsa pakhomo pawo chaka chonse, ndipo anthu odutsa amaima n'kumayang'ana mizere yawo mmene imawongokera. Chaka chilichonse ankapalira awiri ndi mwana wawo. Koma chaka chimenecho NyaGoma anali woyembekezera mwana wathu woyamba, masiku ali pafupi, ndipo anamwino anamulangiza kuti akadikirire kuchipatala ku boma mitsinje isanadzaze n'kutseka msewu. Anapita ndi azakhali ake. Apongozi anatsala okha ndi munda, udzu ukumera ngati wautuma.

Apa ndiye ndinaona mpata woonetsa kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi munthu wamba. Ife aphunzitsi ndi anzathu ogwira ntchito pakiliniki tinali titasonkherana n'kugula kathalakitala kakang'ono kogwirapo kale ntchito, ndipo woyendetsa ndinali ine. Tinkalimira, tinkakokera ngolo, koma tinali tisanalowepo nako pakati pa mbewu zomera kale. Ndinauza NyaGoma kuti auze amayi ake asavutike, ine ndipalira ndi kubandira munda wonse tsiku limodzi. Apongozi anakana kawiri. Anati chitsulo sichidziwa kusiyanitsa udzu ndi chimanga. Mwana wawo anawanyengerera mpaka tsiku lonyamuka, ndipo anavomera chifukwa cha iye, osati chifukwa cha ine.

Mudziwe kuti kuno mkamwini ndi apongozi ake aakazi salankhulana maso ndi maso. Sutchula dzina lawo, iwonso satchula lako. Mukakumana panjira wina amapatuka, ndipo ngati pali mawu, amadzera mwa mkazi wako. Kwathu ku Katete ulemu umenewu uliponso, sindinganame kuti unali wachilendo kwa ine. Koma chimene ndinali ndisanaganizirepo n'chakuti mlomo wathu, NyaGoma, ukachoka, apongozi adzandiuza bwanji kanthu kofunika. Ine ndinkangoti akakhala chete ndiye kuti zonse zili bwino.

Sukulu zitatsekedwa, Lachisanu madzulo, ndinayendetsa thalakitala kupita nayo kwa apongozi n'kuiimika pansi pa mtengo wa mango. Ndinakhala patali pang'ono ndikumwa madzi. Ndinaona apongozi akutuluka ndi kandodo ka tsanya, kosalala chifukwa chogwiridwa zaka zambiri. Anazungulira thalakitala, anagwada kumbuyo kwake, anagoneka ndodoyo pansi pakati pa magudumu akumbuyo, anaisuntha kamodzi, kenaka anadzuka akugwedeza mutu mokhutira n'kulowa kukhitchini. Ine mumtima ndinaseka. Ndinati amayiwa akuona chinthu chachilendo, mwina akufuna kudziwa ngati chingakwane pakhomo la khola. Taonani kupusa kwa munthu wophunzira.

Loweruka m'mawa ndinatulutsa tepi yanga yoyezera, ija yachikasu imene ndimayenda nayo m'thumba ngati mmisiri. M'kalasi ndimaphunzitsa kuti mizere ya chimanga italikirane masentimita 75. Thalakitala ikamapalira imatangadza mizere iwiri, magudumu n'kumayenda m'mipata, choncho kuchokera pakati pa tayala lina kufika pakati pa linzake payenera kukhala 150. Nditayeza ndinapeza 130. Ndinapukusa mutu n'kunyoza mwini wake wakale uja kuti sankadziwa kanthu. Munda unali pafupi, ulendo wa mphindi zisanu wapansi. Sindinapiteko kukayeza ngakhale mzere umodzi, chifukwa ndinkaona kuti yankho ndili nalo kale m'mutu.

Ndinakaitana a Zimba, bambo wokonza njinga amene amakhala moyandikana ndi apongozi, kuti adzandithandize. Kwa inu amene simunagwirepo ntchito imeneyi, gudumu lakumbuyo la thalakitala lili ndi chitsulo chapakati chonga mbale yakuya. Mbaleyo ikayang'ana mbali ina magudumu amayandikana, ukaitembenuza amatalikirana. Kunena n'kosavuta. Koma matayala amenewa amathiridwa madzi mkati kuti azilemera, ndipo limodzi lokha likhoza kukuthyola mwendo likakugwera. Tinatsekera magudumu akutsogolo ndi miyala, tinaika thabwa pansi pa jeke kuti isamire m'dothi, n'kuchirikiza thalakitala ndi zipika za tsanya.

Ndisanayambe kumasula manati, ndinapeza kandodo kaja katatsamira pa tayala lakumanja. Ndinakachotsa n'kukakaimika pankhokwe, poganiza kuti apongozi akaiwala dzulo.

Tinagwira ntchito thukuta lili kamukamu. Ndinatembenuza gudumu lililonse pamalo pake pomwepo, ndinamanga manati, ndinatsitsa jeke, n'kuima patali manja m'chiuno. A Zimba anayang'ana tayala kwa kanthawi, kenaka anandilozera kamuvi kojambulidwa m'mbali mwake. Kanali kataloza kumbuyo. Mano a matayala onse awiri anali atayang'ana kolakwika, ndipo m'dothi lathu lakuda lomatali thalakitala ikanangoterereka pamalo amodzi. Njira yake ndi yosinthanitsa, lakumanzere lipite kumanja, lakumanja lipite kumanzere, kuti mbale zitembenuke koma mano ayang'anebe kutsogolo. Munthu wanzeru akanadziwira pomwepo kuti lero mutu wake sukuyenda bwino. Ine ndinangoti ndimafuna kuona ngati a Zimba ali tcheru, ndipo tinayambiranso.

Titabwerako kokadya, ndodo ija inali itabweranso. Ulendo uno inali itagonekedwa pansi, kumbuyo kwenikweni kwa magudumu, pomwe ndikanaipunthwa. Ndinatopa nayo. Ndinaitola n'kuiponya pamulu wa nkhuni pafupi ndi khitchini.

A Zimba anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Ba ticha, ndodo siyenda yeka. Kasi ku munda mwapimako?"

Ndinawayankha kuti mizere ya chimanga ndi 75 kulikonse, kaya ku Chama kaya ku Katete, ndipo ndi zimene ndimalembetsa pamayeso. Iwo anangoti, "Yayi, imwe ndimwe ba ticha," n'kutola sipanala. Sanabwerezenso. Munthu wokonza njinga angatsutsane bwanji ndi mphunzitsi wa ulimi pa nkhani ya ulimi? Akuluakulu anati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo, ndipo ine tsiku limenelo nyumbayo ndinali nditaifolera ndi udzu womwe. Dzuwa likulowa magudumu anali pa 150 ndendende, ndipo makasu opalira akumbuyo ndinawatalikitsanso kuti agwirizane ndi muyezo womwewo.

Lamulungu kutchalitchi ndinauza aliyense wofuna kumva, ndi osafuna omwe, kuti mawa abwere adzaone ulimi wamakono.

Lolemba kunacha bwino. Mvula inali itapuma masiku awiri, dothi lili lofewa koma losamata kwambiri. Chimanga cha apongozi chinali chisanafike m'mawondo, chobiriwira mochita kuda, masamba akunyezimira ndi mame. Ndinaika gudumu lakumanzere mumpata woyamba, ndinatsitsa makasu, n'kuyamba ulendo. Maso anga onse anali pa gudumu lakumanzerelo, ndipo linkayenda mokongola zedi, osakhudza ngakhale tsamba. Mtima wanga unadzaza. Ndinayamba kuimba mokweza nyimbo imene tinaimba dzulo lake, injini ikundiyankha.

Nditafika kumapeto ndinatembenuka n'kulowa mizere ina. Chapatali, m'mphepete mwa munda, ndinaona apongozi akukupiza chitenje m'mwamba. Inu owerenga, mukudziwa chimene ndinachita? Ndinakweza dzanja n'kuwabayibitsa. Ndinati amayi asangalala, aona okha kuti chitsulo chimadziwa ntchito. Ndinawonjezako ndi moto pang'ono kuti aone liwiro lake.

Ndinapita n'kubwera katatu konse. Pobwerera ulendo wachinayi ndinaona munthu ataima pakati pa mzere kutsogolo kwanga, atandifulatira. Anali apongozi. Sanasunthe. Ndinaponda buleki n'kuzimitsa injini, ndipo kunangoti zii, kumangomveka njiwa kutali. Ndinachita mantha, chifukwa chikwatirireni ndinali ndisanayandikanepo nawo chotero.

Anatembenuka pang'ono, osayang'ana ine, koma kuyang'ana nyali za thalakitala. Ndipo analankhula nayo, mawu ali phee.

"Iwe thalakitala, kasi ulibe maso kumbuyo? Njovu ikabwela imadyako, manje iwe uponda chabe. Uuze dalaivala wako aone kwamene achoka."

Ndinatembenuka. Mpaka lero ndikatseka maso ndimaona zimene ndinaona. Gudumu lakumanja, limene sindinaliyang'ane n'kamodzi komwe, linali likuyenda pamwamba pa mzere, likusindikiza chimanga m'dothi kuyambira kuchiyambi mpaka kumapeto. Chimene gudumu linasiya, makasu anachidula m'mizu. Mizere isanu ndi iwiri yaitali inali itagona, fungo la masamba ophwanyika lili ponseponse. Ndinatsika n'kukhala pansi m'matope momwemo, manyazi atandigwira kuposa tsiku lina lililonse la moyo wanga. Chakudya cha mayi wamasiye, amene anakana kawiri n'kuvomera chifukwa chokhulupirira mwana wake, ndinali nditachipondereza ndikuimba.

Anthu amene ndinawaitana kutchalitchi aja anali atayamba kufika. Bambo wina wochedwa, poona mizere yogonayo, anafunsa ndi mtima wonse ngati njovu zinadutsa usiku, ndipo ngati tauza kale oyang'anira nyama. Wina anamuyankha kuti njovu yake ndi iyo yakhala pansiyo, yovala malaya a kolala. Anthu anayesa kudzigwira koma zinakanika. Apongozi sanaseke, sanakalipe. Anawerama, anadzutsa phesi limodzi lothyoka, analiyang'ana, n'kubwerera kunyumba pang'onopang'ono.

Kuno foni imagwira ukakwera pachulu china chake kuseri kwa sukulu. Ndinakwera pachulupo ngati munthu wokaulula machimo, n'kumuimbira NyaGoma. Anamvetsera osandidula. Nditatchula za ndodo, anafunsa kuti, "Ndodo ya amama munaichita chiyani?" Nditamuuza kuti ili pankhuni, ndinamva akupuma mozama.

Ndiye anandimasulira zonse. Ndodo ija ndi muyezo wa mizere ya amayi ake. Malemu bambo ake anaidula molingana ndi mkono wa mkazi wawo, kuchokera m'khwapa kufika kunsonga ya chala, ndipo chiyambire apongozi amapanga mizere yawo ndi ndodo imeneyo. Popeza ndi munthu wamfupi, mizere yawo ndi yoyandikana kuposa ya m'buku langa. Zotsalazo ndinadzazimva pambuyo pake. Lachisanu lija, pamene ine ndinkawaseka mumtima, iwo ankayeza ngati thalakitala ikwane m'munda mwawo. Anapeza ndodo ziwiri ndendende. Anasangalala mpaka anakauza amayi anzawo kuchitsime kuti mkamwini wawo wabweretsa makina ochita ngati anawapangira munda wawo. Kutacha anaona mkamwini yemweyo akumasula magudumu amene anali bwinobwino, tsiku lonse, thukuta lili chuchuchu, kuti awaononge. Kundiitana sakanatha. Anatumiza ndodo kawiri, ine n'kuibweza kawiri.

NyaGoma anayamba ndi kundikalipira, ndipo ndinayenera. Koma nditafika pa mawu amene amayi ake anauza thalakitala, anaphulika kuseka mpaka ndinamva azakhali akumuletsa kuti angachire nthawi isanakwane. Anandiuza kuti ngati amama afika polankhula ndi chitsulo ndiye kuti sananditaye, akanandikwiyira zenizeni akanangotseka chitseko. Anati ndipite ndikafune ndodoyo.

Ndinathamangira pamulu wa nkhuni. Ndinaphwasula mulu wonse, ndodo osaoneka. Kukhitchini utsi unali ukutuluka, ndipo mtima unandiuza kuti chinthu chimene malemu anasiya chapsa ndi nyemba chifukwa cha ine. Ndinabwerera kumunda ndikukoka miyendo. Nditafika pa thalakitala, ndodo ija inali itatsamira pa tayala lakumanja, kachitatu. Ulendo uno ndinaitola ndi manja awiri. Ndinagwada n'kuwomba m'manja moyang'ana kumene kunali nyumba ya apongozi, ngakhale panalibe munthu woti andione kupatula a Zimba, amene anayang'ana kumbali mwaulemu koma mapewa akugwedezeka.

Tinatulutsa thalakitala m'munda mosamala n'kuyambanso ntchito ija, kachitatu tsopano. Jeke, zipika, manati, kugubuduza matayala olemera aja kuwabwezera kumene anachoka. A Zimba anati akadzatopa ndi njinga adzatsegula malo osinthira magudumu a thalakitala, poti maphunziro awapeza aulere. Tepi yanga sinatuluke m'thumba. Ndinayamba ndapita kumunda n'kugoneka ndodo pamizere, kumtunda, pakati ndi kumunsi, ndipo paliponse inkakwana ngati mizereyo anaijambula ndi lula. Kenaka ndinayeza ndodo ziwiri kuchokera pakati pa tayala kufika pakati pa linzake. Makasu akumbuyo ndinawabwezanso pa muyezo wa ndodo. Manati tinawamanga modumphitsa, ili kenaka loyang'anana nalo, kuti gudumu likhale mowongoka.

Lachitatu ndinalowanso m'munda, opanda nyimbo, opanda oonerera oitanidwa. Ndinayenda mapazi khumi, ndinaima, ndinatsika n'kukayang'ana kumbuyo mbali zonse ziwiri. Magudumu onse anali m'mipata, udzu utazulidwa, dothi litakwera bwino m'tsinde mwa chimanga, phesi lililonse lili chilili. Ndinayendanso pang'ono n'kutsikanso. Patatha ola limodzi ndinaima n'kulimbitsanso manati, ndipo awiri anali atayambadi kumasuka. Pofika Lachinayi masana munda wonse unali utayera. Apongozi anayenda mzere ndi mzere manja kumbuyo, ndipo atafika pa thalakitala anaisisita pabonati n'kuiuza kuti, "Manje wayenda makola." Makola m'chilankhulo cha kuno ndiye kuti bwino. Sindinadziwe kuti mawu atatu ouzidwa chitsulo angamusangalatse munthu wamkulu ngati mmene anandisangalatsira ine.

Inatsala mizere isanu ndi iwiri ija. Ine ndinkafuna kubzalamo chimanga china, koma thalakitala inauzidwa kuti nthawi yapita, chimanga chatsopano chingaphimbidwe ndi chinzake, bola mbatata. Inauzidwanso kuti ntchito imeneyo si ya chitsulo. Ndinamva. Ndinabwereka khasu n'kuyamba kuunda mizere ndi manja anga, ndodo ili pambali. Manja a choko si manja a khasu. Tsiku loyamba lomwe matuza anatuluka, ndipo makolo a ana amene ndimawaphunzitsa ankadutsa dala njira ya kumundako kuti adzapereke moni kwa mphunzitsi wa ulimi akuphunzira ulimi. Ena ankandikonza kagwiridwe ka mpini. Ndinavomera zonse, ndipo kunena zoona masiku amenewo ndi amene ndinayamba kudziwana ndi anthu a kuno kuposa zaka zonse zimene ndinakhala ndikuwaphunzitsira ana.

Tsiku lachitatu la khasu, ndili pa mzere womaliza, ndinaona apongozi akubwera mofulumira kuposa mmene amayendera. Foni yanga inali itatha moto, ndipo uthenga unafikira kwa mayi wina wa pakiliniki amene anathamangira kwa iwo. Anadutsa pafupi nane osandiyang'ana, analunjika pa thalakitala imene inali m'mphepete mwa munda, n'kuima patsogolo pake akupuma mwabefu.

"Thalakitala, uuze dalaivala wako asiye khasu. Ni mwana mkazi, ndipo onse ali makola."

Khasu ndinalitaya kumene linagwera. Ndinavina m'matope, nsapato imodzi n'kutsalira momwemo. Apongozi ankalulutira atayang'ana thalakitala, ine ndikuvina nditayang'ana kuthengo, aliyense akusunga ulemu wake, koma chimwemwe chili chimodzi. A Zimba atamva nthungululu anabwera ndi sipanala m'manja, poganiza kuti ndapondanso china.

Chimanga chotsalacho chinakula bwino kwambiri chaka chimenecho. Mbatata nazonso zinabereka, ndipo mpaka lero mbali imeneyo ya munda anthu amaitcha mizere ya aticha. Koma ndisakunamizeni kuti zonse zinabwerera. Pokolola, nkhokwe ya apongozi sinadzaze mpaka pamene imafika zaka zonse. Mpata umene unatsala pamwambapo ndinkauona nthawi iliyonse ndikadutsa, ndipo ndinkadziwa kuti ndi wanga. Ndinapititsako matumba a chimanga cha kumunda kwathu, iwo analandira, koma mlimi aliyense amadziwa kuti chimanga chopatsidwa sichifanana ndi chimene unabzala wekha.

Chimene sindidzaiwala chinachitika chimanga chitangoyamba kukhwima. NyaGoma anali atabwerako ndi mwana, ndipo ine ndinapita ndi thalakitala kukatula nkhuni kwa apongozi. Nditamaliza kutsitsa, ndinapeza pampando pali mbale yovundikira. Mkati munali chimanga chachiwisi chootcha, zisononkho zinayi, zoyamba kuthyoledwa m'munda uja. Apongozi anali chapatali, mdzukulu ali kumsana, ndipo anauza thalakitala mokweza kuti aliyense amve.

"Idya, thalakitala. Ichi ndiye chamene unasiya. Ukakhuta upatseko dalaivala."

NyaGoma anaseka mpaka anakhala pansi. Ine ndinadya zonse zinayi nditafulatira, misozi ikulengeza, ndipo sindinadyepo chimanga chokoma chotero.

Tsopano inu owerenga, makamaka amene mwayamba kugula timathalakitala timeneti, imvani kwa munthu amene anapsa. Musanakhudze nati ngakhale imodzi, pitani kumunda umene mukukagwirako ntchito mukayeze mizere yake, chifukwa thalakitala imayenda m'munda, siyenda m'buku. Mwina mudzapeza kuti magudumu ali bwino kale. Ngati n'kofunikadi kusintha, chirikizani ndi zipika, musadalire jeke yokha, musagwire tayala lamadzi muli nokha, ndipo yang'anani kamuvi musanamange. Mukalowa m'mbewu yendani pang'ono, tsikani, kaoneni kumbuyo mbali zonse ziwiri. Munthu akamakupiza chitenje kumapeto kwa munda, zimitsani injini musanaganize kuti akukuchemererani.

Ine 75 ndimaphunzitsabe m'kalasi, chifukwa ndi muyezo wabwino. Koma ndimawauzanso ana kuti munda uliwonse uli ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ali ndi mkono wake. Ndikaitanidwa kukapalira kwa munthu, chinthu choyamba chimene ndimapempha ndi ndodo yake. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya langa pamaso pa mpingo wonse.

Mwana wathu tsopano akuyenda, ndipo apongozi mpaka lero sanandiuzepo mawu ngakhale amodzi maso ndi maso. Thalakitala ndiye imamva zambiri, za mvula, za mbewu, ngakhale za malaya anga akang'ambika. Chimene chimandiwawa n'chakuti iwo anayamba kundilankhula Loweruka lija m'mawa, chimanga chawo chonse chikadali chilili, ine n'kutenga mawu awo kukawaponya pankhuni. Inu mukadzapeza ndodo itatsamira pa gudumu lanu, ndipo simukudziwa amene waiika, musaichotse. Siyani sipanala pansi mufunse kuti ndi ya yani.